Ndinawaperekeza bambo anga m'misewu ya Nagasaki

Tsiku limene ndinapita kukatsanzika kumudzi kwathu ku Nkhotakota, ndinapeza bambo anga pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Nditawauza kuti mzinda umene ndikupitako uli m'mbali mwa nyanja yamchere, anaima kaye n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti kuli asodzi," anatero. "Basi sukavutika, mwana wanga. Anthu a kunyanja amamvana. Ukaone bwino mabwato awo, udzandiuze."

Aka kanali komaliza kuwaona ndi maso.

Ndinafika ku Nagasaki kumapeto kwa Sepitembala 2023, kukachita maphunziro a zaumoyo a chaka chimodzi pa yunivesite ya kumeneko, yomwe imadziwika ndi kafukufuku wa matenda a m'mayiko otentha monga malungo. Amuna anga ndi ana athu awiri ndinawasiya ku Lilongwe. Monga ambiri a inu, dzina loti Nagasaki ndinkalidziwa pa chinthu chimodzi basi: bomba la mu 1945. Ndinkayembekeza mzinda wa zii, wa anthu a nkhope zakugwa. Koma ndinapeza mzinda wa anthu pafupifupi 400,000, kumadzulo kwa chilumba cha Kyushu, nyumba zitakwera mapiri mbali zonse ziwiri za doko lalitali. Ndipo pafupifupi nyengo iliyonse ya chaka ili ndi mwambo wake, ambiri a iwo aphokoso kwabasi.

Okutobala: namgumi pakati pa msewu

Ndisanathe n'komwe masabata awiri, m'mawa wa pa 7 Okutobala, ndinamva ng'oma ndi zitoliro chapatali. Kenako wina anagogoda pakhomo. Anali mayi achikulire a nyumba yoyandikana ndi yanga, amene aliyense ankangowatcha Obaachan, kutanthauza agogo. Chijapani changa chinkathera pa moni, iwo Chingelezi analibe. Mdzukulu wawo wamkazi wa kusekondale ndiye anakhala wotimasulira chaka chonsecho. "Agogo akuti valani nsapato, lero si tsiku lokhala m'nyumba," anatero.

Chikondwererochi dzina lake ndi Nagasaki Kunchi. Chimachitika pa 7, 8 ndi 9 Okutobala, ndipo chinayamba mu 1634. Chimake ndi kachisi wa Suwa, wa chipembedzo cha Shinto, amene ali paphiri pamwamba pa masitepe ambirimbiri amiyala. Chiyambi chake chili ndi mbali yowawa. Kuchokera pamene zombo za Apwitikizi zinayamba kukocheza padokoli mu 1571, Nagasaki anali likulu la Chikhristu ku Japan. Boma litaletsa Chikhristu mu 1614, olamulira analimbikitsa mwambo wa pakachisiwu pofuna kuti anthu aonetse poyera kuti chikhulupiriro chachilendocho achisiya. Lero anthu ambiri amangoutenga ngati mwambo wa mzinda wonse.

Madera a mzinda wakale, omwe ndi oposa 50, anagawidwa m'magulu 7, ndipo dera lililonse limavina kamodzi pa zaka 7. Kukonzekera kumayamba pa 1 Juni, ndipo miyezi yotentha yonse abambo akaweruka kuntchito amapita kokayeserera pamodzi ndi ana awo. Chifukwa cha Covid-19 magulewa sanachitike mu 2020, 2021 ndi 2022, kotero madera amene ndinawaona ine anali atadikira zaka 10. Mwana amene anali kumsana ulendo wapitawo tsopano ndiye ankaimba ng'oma.

Kutsogolo kwa dera lililonse kumayenda kasaboko, chinthu chonga chiambulera chachikulu chokongoletsedwa, cholemera makilogalamu oposa 100, chosenza munthu mmodzi. Koma chimene chinandisiya kukamwa kuli yasa ndi namgumi wa dera la Yorozuya-machi: chinsomba chakuda chachikulu cha pamawilo, chokokedwa ndi amuna amphamvu, chikupopa madzi mamita angapo m'mwamba. Amachithamangitsa, kuchizunguza, onse oyandikira n'kunyowa. Akati azipita, khamu limakuwa kuti "Mottekoi! Mottekoi!" kutanthauza kuti abwere nachonso. Zaka zina kumatuluka chinjoka chachikulu chochokera ku miyambo ya Atchaina, kapena chombo cha Adatchi, pakuti kwa zaka zoposa 200 kachilumba ka Dejima padokoli ndiko kanali khomo lokhalo la malonda pakati pa Japan ndi Ulaya. Akamaliza pakachisi, magulewa amayenda khomo ndi khomo, sitolo ndi sitolo, kusiya mafuno abwino.

Usiku umenewo ndinaimbira bambo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nsomba yoyenda pamsewu? Iwe, wayamba mowa kumeneko?" Ndinawauzanso kuti m'sitolo ndapeza tinsomba touma totchedwa iriko, tofanana zedi ndi usipa, ndipo kuti Nagasaki ndi kuchimake kwa timeneti. "Ndinakuuza ine," anatero. "Nanga mabwato?" Ndinawayankha kuti mpikisano wa mabwato ndi wa mu Julayi. Anati adikira.

Febuluwale: nyali 15,000 ndi maliro opanda kulira

Mu Januwale kunazizira moti kuzizira kwa ku Dedza n'kwamasewera. Mwezi umenewo amuna awo a Obaachan, omwe anadwala nthawi yaitali, anamwalira. Ndinapita kukapepesa. Zimene ndinaona zinandizunguza mutu. Aliyense anali mu zovala zakuda, kuyankhula monong'ona, kuwerama, kufukiza lubani mmodzimmodzi. Thupi analitentha, monga amachitira pafupifupi onse ku Japan. Obaachan, amene anakhala pabanja zaka zoposa 50, sanagwetse msozi pamaso pa anthu. Mumtima ndinati: anthu awa ndi ouma mtima bwanji. Ndikuvomera, ndinawaweruza.

Masabata angapo pambuyo pake mzinda unasanduka wofiira. Chinali chikondwerero cha nyali, chimene chimayamba pa chaka chatsopano cha Atchaina n'kutenga masabata awiri. Poyamba chinali cha amalonda achitchaina a dera la Shinchi okha, koma kuyambira mu 1994 chinakhala cha mzinda wonse. Nyali pafupifupi 15,000 zimapachikidwa m'misewu: zofiira ku Shinchi ndi ku paki ya Minato, zachikasu pamwamba pa mtsinje wa Nakashima, pamene pali mlatho wamiyala wa Meganebashi, womwe ukaonekera m'madzi umakhala ngati magalasi a m'maso. Anthu amayenda atagwira kakuni manju, nyama ya nkhumba yofewa yoikidwa mu banzi yophika ndi nthunzi, kapena kulowa m'malo odyera kukamwa msuzi wotentha wa champon.

Obaachan sanapite. Anatituma ine ndi mdzukulu wawo kuti tikawagulire banzi imodzi. Titabwera nayo anaiika patsogolo pa chithunzi cha amuna awo, pakaguwa ka m'nyumba, n'kuwauza mmene kunja kukuonekera, ngati munthu ali pompo.

Epulo: nkhondo ya m'mwamba

Kukayamba kufunda, maluwa a sakura atathothoka, mabanja amakwera mapiri ozungulira mzinda, makamaka la Tohakkei, atanyamula mikeka ndi chakudya. Amapita kukaulutsa makaiti otchedwa hata. Musaganize kuti ndi masewera a ana okha. Akatswiri ake ambiri ndi madala a imvi. Kaiti yake ndi yansungwi ndi pepala, kawirikawiri yofiira, yoyera ndi yabuluu, ndipo ulusi wake amaupaka magalasi operapera. Cholinga n'chakuti ulusi wako ukolane ndi wa mnzako m'mwamba n'kuudula. Wina ukaduka, anthu amafuula, ana n'kuliyatsa liwiro kuthamangira kaiti yakugwayo. Ndinatumiza kanema kwa mwana wanga wamwamuna, ndipo mawa lake ndinamva kuti mapepala apulasitiki onse a m'khitchini mwanga ku Lilongwe atha.

Meyi: foni ya pakati pa usiku

Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7. Foni inalira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kwathu ili 8 koloko usiku. Anali mchimwene wanga. "Achemwali, limbani mtima. Bambo atisiya."

Anangodandaula pachifuwa madzulo, pofika kuchipatala n'kuti zitatha. Ndinafufuza ndege usiku womwewo. Ulendo wake ndi woposa tsiku lathunthu, wosintha ndege kangapo, ndipo mtengo wa tikiti yadzidzidzi sindikanaukwanitsa. Akuluakulu anagwirizana zoika maliro mkuja wake. Mwambo wonse ndinauonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka, nditakhala ndekha pansi m'kachipinda. Makoma a nyumba za kumeneko ndi opyapyala, ndiye ndinkalirira mu pilo kuopa kusokoneza anthu.

Kwathu timati maliro n'kulirana. Pamakhala siwa, amayi amakuzungulira, nyimbo usiku wonse, wina kukugwira phewa ukamalephera kuima. Ine, mwana woyamba, sindinaponye ngakhale kadothi. Chimenechi chinandidya kuposa imfayo. M'kalasi ndinkangokhala thupi lokha, ndipo ndinayamba kuganiza zosiya sukulu.

Tsiku lachitatu Obaachan anabwera ndi timibulu ta mpunga m'mbale. Anakhala nane pansi pafupifupi ola lathunthu osayankhula kanthu. Ponyamuka ananena mawu ochepa, mdzukulu n'kumasulira: "Akuti mudikire Ogasiti." Sindinamvetse.

Julayi: mabwato aja

Mvula ya mu Juni itadutsa kunabwera kutentha kwa chinyezi, ndipo kumapeto kwa Julayi padoko panali peiron, mpikisano wa mabwato. Mbiri imati unayamba mu 1655, pamene namondwe anamiza zombo za Atchaina padokoli, ndipo Atchaina okhala mumzindawu anapikisana pamabwato pofuna kupepesa mulungu wa nyanja. Bwato lake ndi lalitali pafupifupi mamita 14, lowonda, lokhala ndi opalasa okwana 26, kuphatikizapo wowongolera, woimba ng'oma ndi woimba chitsulo. Amapalasa mtunda wa mamita 1,150, kupita n'kukazungulira chizindikiro n'kubwerera. Matimu amachokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, m'sukulu ndi m'makampani, ndipo azimayi ndi ana amakhala kumtunda kukuwa mayina a midzi yawo.

Nkhafi zonse zimalowa m'madzi kamodzi, motsatira ng'oma. Pokhota m'pamene pamaoneka katswiri: wowongolera akalakwitsa pang'ono, bwato limataya mpikisano. Ndinazindikira kuti ndatulutsa foni ndipo chala chili pa dzina la bambo. Ndinaibweza m'chikwama n'kubwerera kunyumba, makombola a usikuwo osawaona.

9 Ogasiti: mphindi imodzi ya chete

Pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ya 11:02 m'mawa, bomba la atomiki linaphulika pamwamba pa dera la Urakami. Pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 74,000 anali atafa. Tchalitchi cha Katolika cha Urakami, chomwe chinali mamita pafupifupi 500 kuchokera pamene bombalo linaphulikira, chinagumuka, ndipo chimene chilipo lero chinamangidwanso mu 1959.

Chaka chilichonse pa tsikuli pamakhala mwambo ku Paki ya Mtendere, patsogolo pa chiboliboli chachikulu chosema Seibo Kitamura, chimene dzanja lake lamanja likuloza kumwamba kumene bomba linachokera, lamanzere litatambasuka kusonyeza mtendere. Meya amawerenga uthenga wopempha dziko lonse kuthetsa zida za nyukiliya. Pamakhalanso mwambo wopereka madzi, chifukwa anthu opsa aja ankafa akupempha madzi. Ana asukulu, ngakhale ali patchuthi, tsiku limeneli amapita kusukulu kukaphunzira za mtendere. Madzulo Akatolika amayenda ndi miyuni kuchokera kutchalitchi cha Urakami kupita kupakiko. Opulumuka bombalo amatchedwa hibakusha, ndipo bungwe lawo la Nihon Hidankyo linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel chaka chomwecho cha 2024.

Obaachan kupaki sapita. Nthawi itakwana, masailini ndi mabelu atalira, anaima pakhomo pawo ndi kapu ya madzi m'manja, maso ali chotseka. Anali kamtsikana mu 1945, ndipo phiri ndilo linatchinga nyumba yawo. Mkulu wawo, amene anatengedwa kusukulu kukagwira ntchito kufakitale ya zida ku Urakami, anachoka m'mawa umenewo ndipo sanapezeke mpaka lero. Panalibe thupi, panalibe maliro. Mdzukulu atandifotokozera, ndinachita manyazi ndi mawu anga a mu Januwale aja.

15 Ogasiti: usiku wa mabwato a omwalira

Pakati pa Ogasiti ndi nyengo ya Obon, pamene Ajapani amakhulupirira kuti mizimu ya makolo imabwera kudzacheza kunyumba. Anthu amabwerera kumidzi kwawo. Ku Nagasaki mabanja amasonkhana kumanda madzulo, kuyatsa nyali, kudya, ana n'kumaphulitsa timakombola pambali pa ziliza. Tsiku lomaliza, pa 15, ndi la Shoro Nagashi: banja lililonse limene lataya munthu m'chakacho limapanga bwato loperekezera mzimu wake. Amene sangakwanitse bwato lawolawo amaphatikizana pa bwato la dera lonse.

Ana aamuna a Obaachan anali atabwera kuchokera kumizinda ina. Kwa masiku angapo anakhala akukhoma bwato lamatabwa ndi nsungwi, la pamawilo, lalitali ngati minibasi. Kutsogolo analemba dzina la banja, m'mbali anapachika nyali zapepala, pakati chithunzi cha malemu pamodzi ndi zimene ankakonda: mbedza yawo ndi botolo la sake. Apa m'pamene Obaachan anandiitana. "Akuti bwato ndi lalikulu, malo alipo. Bambo anu akwere nawo. Onse awiri ankakonda nyanja, sakasowa nkhani m'njira."

Ndine Mkhristu, ndipo ndinazengereza. Ndinaimbira amayi anga kumudzi. Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Bambo ako ali m'manja mwa Mulungu, bwato silingawachotsemo. Koma iweyo sunawaperekeze. Pita ukawaperekeze." Ndinalemba dzina la bambo papepala, ndinagula kapaketi ka iriko, n'kuziika pambali pa mbedza ija. Ndinapemphera pemphero langa m'Chichewa.

Tisananyamuke mdzukulu anandipatsa zotseka m'makutu. Ndinaseka, ndimvekere za chiyani pamaliro? Anthu ambiri a m'mizinda ina ya Japan nawonso amapusitsika, chifukwa mwambowu amaudziwira pa nyimbo yodekha imene Masashi Sada anatulutsa mu 1974. Dzuwa litapendeka, mabwato mazanamazana anatsika m'mapiri kulowa m'misewu ikuluikulu, ndipo makombola anayamba. Sayatsa limodzilimodzi ayi, amayatsa katoni yathunthu. Utsi kuti tolo, mapepala ofiira mbwee mumsewu, chitsulo chikulira, okankha bwato akufuula "Doi! Doi!" Amati phokosoli, lomwe linachokera ku miyambo ya Atchaina, limathamangitsa zoipa panjira imene mzimu ukudutsa.

Ndinagwira bwato kumbuyo n'kumakankha nawo. Titafika pachitunda chotchuka cha Kencho-zaka, pamene khamu limadzaza mbali zonse, ndinacheuka. Obaachan anali panjinga ya olumala, mdzukulu akuwakankha. Kukamwa kunali kotsegula, misozi ili chuchuchu, akuitana dzina. Sindinathe kumva ngati linali la amuna awo kapena la mkulu wawo uja. Palibe amene akanamva, ndipo palibe amene ankawayang'ana. Ana awo aamuna aja, akuluakulu a m'maofesi, nawonso nkhope zinali zonyowa.

Pamenepo chinthu chinamasuka pakhosi panga. Ndinalira monga timalirira kwathu, mokweza, m'chinenero changa. "Bambo anga ine! Mwandisiyira yani ine? Mabwato aja ndawaona, bambo!" Ndinalira mtunda wonse mpaka kudoko, ndipo mawu anga anangolowa m'phokoso la mabanja ena onse.

Ku Ohato, m'mbali mwa madzi, ndi kumene ulendo umathera. Kale mabwatowa ankawasiya kuti apite ndi nyanja, koma zimenezi zinaletsedwa mu 1871. Masiku ano banja limachotsa chithunzi, n'kupereka bwato kwa ogwira ntchito amene amaliphwasula pomwepo. Ntchito ya masiku ambiri imatha m'mphindi zochepa. Tinawerama, n'kutembenuka. Obaachan anandigwira dzanja n'kunena mawu amene ndinawamva popanda womasulira: "Otsukaresama." Ndi mawu othokoza munthu amene watopa ndi ntchito. Usiku umenewo ndinagona tulo koyamba chichokereni Meyi.

Kubwerera

Maphunziro ndinamaliza. Ndinanyamuka kumapeto kwa Sepitembala, ng'oma za madera ena zikumveka madzulo pokonzekera Kunchi wina. Namgumi uja, zonse zikayenda bwino, adzatulukanso mu 2030. Obaachan anati sakudziwa ngati adzamuone, koma mdzukulu wawo adzaimirira pamalo pawo pomwe paja.

Ndimaganizira abale athu ambiri amene ali ku Joni, ku Ulaya ndi kwina, amene maliro a makolo awo amawaonera pafoni monga ndinachitira ine. Timawatumizira mndandanda wa zofunika, bokosi, ufa, thiransipoti, iwo n'kutumiza ndalama, nkhani n'kuthera pomwepo. Sitifunsa kuti iwowo alira liti, alira ndi yani. Ku Nagasaki ofedwa ali ndi tsiku lawo pakalendala, lodziwika kwa mzinda wonse, ndipo amene anali kutali amadziwa tsiku lobwera. Kwathu pabanja tagwirizana kuti chiliza cha bambo tidzachivundukula mu Disembala, pamene mng'ono wanga wa ku Cape Town angathe kubwera, ndipo palibe amene adzamufulumizitse kupukuta misozi.

Nditafika ku Nkhotakota, amayi anandiperekeza kumanda n'kuima chapatali. Ndinakhala pansi pambali pa mtumbira, ndipo ndinawauza bambo zonse bwinobwino: kutalika kwa bwato, chiwerengero cha opalasa, kalowedwe ka nkhafi m'madzi, ndi mmene amakhotera. Ukonde uja amausoka tsiku lotsanzikana, mchimwene wanga anaumaliza, ndipo ukupha nsomba.